Mpira wa ku America: Kodi Chikho Chimadza ndi Wosewera Mmodzi Kapena ndi Timu Yonse?

Pa 7 Febuluwale 2021, timu ya Tampa Bay Buccaneers idagonjetsa Kansas City Chiefs ndi mapointi 31 kwa 9 pa masewero a Super Bowl, omwe ndi ndime yotsiriza ya mpikisano waukulu wa mpira wa ku America. Amene adatsogolera opambanawo m'bwalo ndi Tom Brady, bambo wa zaka 43, yemwe adali asanathe chaka chichokere ku New England Patriots, timu yomwe adaitumikira kwa zaka 20. Ochemerera ambiri m'dziko la United States adaganiza kuti usiku umenewo wathetsa mkangano wakalekale: kodi zikho 6 zomwe Patriots idapata zidadza kaamba ka luso la Brady, kapena kaamba ka nzeru za mphunzitsi wake, Bill Belichick?

Mkanganowo sudathe. Umabukabe pa mawailesi omwe omvera amaimba lamya, pa kanema, m'malo omwera ngakhalenso m'makomo, nyengo ya mpira ikayamba m'mwezi wa Seputembala. Mayina a osewera amasintha koma funso limakhala lomwelo. Kuti munthu amvetse chifukwa chomwe okonda masewerowa sagwirizanirana ngakhale ziwerengero zonse zili poyera, ayenera kuyamba waona momwe mpirawu umaseweredwera.

Mpira wa ku America ngosiyana kwambiri ndi mpira wamiyendo womwe anthu a kum'mwera ndi pakati pa Africa adauzolowera. Umafanana pang'ono ndi rugby: ngosongoka mbali zonse ziwiri ndipo nthawi zambiri umakhala m'manja. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti ipite nawo chitsogolo mayadi 10, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono. Ikakwanitsa imayambiranso kuwerenga, ikalephera mpira umapita kwa timu inayo. Kufika ndi mpira kumapeto kwa bwalo, chomwe eni ake amachitcha touchdown, kumabweretsa mapointi 6, pomwe kuumenya ndi phazi n'kudutsa pakati pa mizati ya golo kumabweretsa mapointi atatu.

Bungwe loyendetsa mpikisanowu, la National Football League, kapena kuti NFL, lili ndi matimu 32, ndipo timu iliyonse imalemba osewera 53. Osewerawa amagawidwa patatu: olowa m'bwalo timu ikakhala ndi mpira, otchinga omwe amalowa mpira ukakhala ndi adani, ndi kagulu kolowa pa nthawi yomenya mpira ndi phazi. Pakati pa gulu loyambalo pamakhala wosewera wotchedwa quarterback. Iyeyu ndiye amalandira mpira pafupifupi nthawi iliyonse timu ikamayamba kuukira, ndipo m'masekondi awiri kapena atatu ayenera kusankha woti amuponyere, uku amuna olemera makilogalamu oposa 100 akumuthamangira.

N'chifukwa chake maso onse amakhala pa iye. Komatu mpira ukangopita kwa adani, quarterback amatuluka n'kukakhala pa benchi, ndipo sangachitepo kanthu pa zochitika m'bwalo. Ngakhale pomwe ali m'bwalomo amadalira amuna asanu omutchinjiriza kutsogolo, othamanga oti awakhe mpira womwe waponya, komanso malangizo omwe aphunzitsi amamuuza kudzera pa kawailesi ka m'chipewa chake cholimba. Munthu wotamandidwa kapena kudzudzulidwa kuposa onse ndi yemwenso ntchito yake njovuta kuisiyanitsa ndi ya anzake.

Belichick adayamba kuphunzitsa Patriots m'chaka cha 2000. Chaka chomwecho, pa mwambo womwe matimu amasankha achinyamata a m'mayunivesite mosinthanasinthana, timuyi idatenga Brady wa ku yunivesite ya Michigan pa nambala 199, anyamata ena 6 osewera pa malo akewo atasankhidwa kale. Mwayi wake udadza mu Seputembala 2001 pomwe Drew Bledsoe, yemwe miyezi ingapo m'mbuyomo adasaina mgwirizano wa zaka 10 wa madola 103 miliyoni, adavulala kwambiri posewera ndi New York Jets. Bledsoe atachira, Belichick sadamubwezere malo ake. Kuchokera pamenepo mpaka 2019 timuyi idafika mu Super Bowl ka 9 ndipo idatenga chikho m'zaka za 2002, 2004, 2005, 2015, 2017 ndi 2019.

Omwe amati ulemu upite kwa Belichick amayambira pa chikho choyambacho. Mu Febuluwale 2002, Patriots idagonjetsa St. Louis Rams 20 kwa 17, Brady ataponya mipira ya mayadi 145 okha. Otchinga ndiwo adafooketsa Rams, timu yomwe inkaopedwa pa kugoletsa. Mmodzi wa iwo, Ty Law, adalanda mpira n'kukagoletsa yekha, ndipo mapointi otsiriza adachokera ku phazi la Adam Vinatieri. Chikho cha 2015 adachipulumutsa ndi Malcolm Butler, wotchinga yemwe palibe timu idamusankha pa mwambo uja, pomwe adawakha mpira wa Seattle Seahawks pafupi ndi mzere wa golo kutatsala masekondi osakwana 30. Cha 2019 chidatha 13 kwa 3, adani osafikako ndi kamodzi komwe kumapeto kwa bwalo. Amakumbutsanso kuti mu 2008 Brady adavulala bondo pa masewero oyamba n'kukhala kunja nyengo yonse, koma timuyi idapambanabe masewero 11 mwa 16 ndi Matt Cassel, mnyamata yemwe adali asanayambepo masewero ngati quarterback chichokere ku sekondale.

Otsatira Brady nawo sasowa choyankha. Amati timu ya 2008 ija idali itapambana masewero onse 16 chaka cham'mbuyo, choncho kusowa kwa munthu mmodzi kudaitayitsa masewero asanu, ndipo sidafike m'ndime yachipulula. Amati Belichick ali mphunzitsi wa Cleveland Browns, kuyambira 1991 mpaka 1995, adapambana masewero 36 n'kugonja 44, ndipo m'chaka chake choyamba ku Patriots, Brady ali pa benchi, adapambana asanu okha mwa 16. Amatchula za Febuluwale 2017, pomwe Atlanta Falcons inkatsogola 28 kwa 3 koma Brady adakoka anzake mpaka kupambana 34 kwa 28 m'nthawi yowonjezera. Amatchulanso za 2018, pomwe adaponya mipira ya mayadi 505 koma timu idagonja 41 kwa 33 kwa Philadelphia Eagles kaamba koti otchinga adalephera, Belichick atamusiya kunja Butler yemwe uja osafotokozera anthu chifukwa chenicheni.

Umboni wawo waukulu ndi zomwe zidachitika awiriwa atasiyana mu Malichi 2020. Tampa Bay idali itapambana masewero 7 mwa 16 m'chaka cha 2019, ndipo idali isanafikepo m'ndime yachipulula chichokere nyengo ya 2007. Brady atafika idatenga chikho. Patriots, m'nyengo zinayi zotsatira, idapambana masewero 29 n'kugonja 38 mu ligi. Mu 2023 idapambana anayi okha mwa 17, ndipo mu Januwale 2024 Belichick adasiyana ndi timuyi atakhalako zaka 24.

Chovuta n'chakuti masewero omwewo a 2021, omwe ena amawatenga ngati chigamulo, amaperekanso mphamvu ku mbali inayo. Tampa Bay idali kale ndi owakha mpira aluso monga Mike Evans ndi Chris Godwin, komanso otchinga amphamvu. Vuto lake lalikulu mu 2019 lidali lakuti quarterback wake, Jameis Winston, adaponya mipira 30 m'manja mwa adani, pomwe Brady mu 2020 adataya 12 yokha. Ndipo pa tsiku lotsirizalo, Patrick Mahomes wa Kansas City, yemwe ambiri ankamuona ngati katswiri woposa onse pa nthawiyo, adasewera awiri mwa omutchinjiriza ake odalirika atavulala. Adatha usiku wonse akuthawa otchinga a Tampa Bay, ndipo timu yake sidagoletse touchdown ngakhale imodzi. Ngati masewerowo adaonetsa kufunika kwa Brady, adaonetsanso kuti katswiri wopanda omuteteza sapita patali.

Mbiri ya NFL ili ndi zitsanzo zina zomwe zimasokoneza anthu owerengera ukatswiri pa zikho. Dan Marino wa Miami Dolphins adaponya mipira ya mayadi 5,084 m'nyengo ya 1984, zomwe padapita zaka zoposa 25 asanaziposedwe, koma adapuma pa masewero atasewera kuyambira 1983 mpaka 1999 wopanda chikho. Trent Dilfer adatenga chikho ndi Baltimore Ravens mu Januwale 2001 podalira otchinga a timuyo, ndipo nyengo yotsatira timuyo sidamusunge. Palibe wotsatira mpirawu amene anganene kuti Dilfer adali woposa Marino, komabe anthu omwewo akafuna kuika Brady pamwamba pa onse, choyamba kutchula ndi zikho zake.

Kusenzetsa munthu mmodzi zotsatira za timu yonse kumachitikanso pogonja, ndipo chitsanzo chodziwika bwino n'cha wosewera wochokera kuno kum'mwera kwa Africa. Gary Anderson, yemwe adabadwira ku Parys n'kukulira ku Durban m'dziko la South Africa, adali womenya mpira ndi phazi ku Minnesota Vikings. M'nyengo ya 1998 adagoletsa mipira yonse 35 ya mapointi atatu yomwe adamenya, osaphonya ndi umodzi womwe, ndipo timu yake idapambana masewero 15 mwa 16. Mu Januwale 1999, pa masewero olowera mu Super Bowl, Vikings ikutsogola 27 kwa 20 kutatsala mphindi ziwiri zokha, Anderson adaphonya koyamba. Atlanta idabweza n'kupambana 30 kwa 27 m'nthawi yowonjezera. Ochemerera ambiri amakumbukira phazi la Anderson, n'kuiwala kuti otchinga a Vikings adalola Atlanta kuyenda bwalo lonse pambuyo pake.

Chinanso chokolezera mikanganoyi ndi kuchepa kwa masewero. Timu ya mu ligi yaikulu ya mpira wamiyendo ku England imasewera ka 38 pa nyengo, ya basketball ku America ka 82, pomwe ya NFL imasewera ka 17 kokha kuyambira 2021, ndipo kale inkasewera ka 16. M'ndime yachipulula wogonja amatuluka pomwepo, palibe masewero achibwereza. Potero mpira umodzi wogwa m'manja kapena chigamulo chimodzi cha woimbira chimatha kusintha mbiri ya munthu. Butler akadaphonya mpira uja mu 2015, kuwerengera konse kwa zikho za Brady ndi Belichick kukadakhala kwina.

Nkhaniyi si yongotayira nthawi m'malo omwera, chifukwa eni matimu nawo amayenera kuyankha funso lomweli ndi ndalama. Kuyambira 1994, NFL idaika malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, ndipo m'chaka cha 2024 malirewo adali madola 255.4 miliyoni. Mu Seputembala chaka chomwecho, Dallas Cowboys idapatsa quarterback wake, Dak Prescott, mgwirizano wa zaka zinayi wa madola 240 miliyoni. Ndalama iliyonse yopita kwa munthu mmodzi imachepetsa zotsalira anzake 52. Timu yokhulupirira kuti chikho chimadza ndi katswiri imalipira mosaumira, n'kutaya otchinga ndi omuteteza. Yokhulupirira kuti chimadza ndi dongosolo imatha kulola katswiri kuchoka, monga idachitira Patriots, n'kukhala zaka ikufunafuna wolowa m'malo mwake. Ikalakwitsa kusankha, oyamba kuchotsedwa ntchito amakhala aphunzitsi.

Brady adapuma pa masewero mu Febuluwale 2023 ali ndi zikho 7, zomwe pa nthawiyo zidali zoposa za timu ina iliyonse mu NFL. Mu Disembala 2024 Belichick adalembedwa ntchito yophunzitsa timu ya yunivesite ya North Carolina. Funso lija lidasamukira ku Kansas City, komwe Mahomes ndi mphunzitsi wake Andy Reid adatenga zikho mu 2020, 2023 ndi 2024. Ena amakumbutsa kuti Reid adaphunzitsa Philadelphia zaka 14 osapata chikho kufikira atakumana ndi Mahomes. Ena amayankha ndi Super Bowl ya Febuluwale 2025, pomwe Philadelphia yomweyo idagwetsa Mahomes ka 6 mpira uli m'manja, n'kupambana 40 kwa 22.