Nkonono woduka pakati: wogonayo sadziwa kuti akubanika

Kwathu ku Chiradzulu, munthu woliza nkonono timangoti watopa ndi khasu. Pa siwa timagwirana pakamwa kuseka wina akayamba kulira ngati chigayo. Koma ulipo nkonono wina wosaseketsa. Umalira, kenako zii, masekondi 10 kapena kuposa, kenako munthu n'kukoka mpweya mwamphamvu ngati wavuulidwa m'madzi. Madokotala amautcha sleep apnea.

Chimachitika n'chakuti tikagona minofu ya kukhosi imafooka. Kwa ena, lilime ndi minofu yofewa ya kumwamba kwa m'kamwa zimagwera kumbuyo n'kutseka njira ya mpweya. Chifuwa chimavutikabe kukoka, koma palibe cholowa. Okosijeni akachepa m'magazi, ubongo umamudzutsa munthuyo kwa kanthawi kochepa zedi, khosi n'kutseguka, iye n'kugonanso. Zikamachitika kasanu kapena kuposa pa ola, ndiye kuti vuto lilipo. Zikafika ka 30 pa ola, lakula.

Chondidabwitsa ine n'chakuti mwiniwake samva kanthu. Masana, kanyenyeswa ka nsima kakalowa kolakwika umatsokomola pompo, chifukwa kukhosi kuli mitsempha yomva msanga. Mitsempha yomweyo ndi imene imauza ubongo kuti njira ikuphwa, minofu ilimbe. Ofufuza apeza kuti mwa anthu ambiri a matendawa, kumva kumeneku kumakhala kochepa, ndipo akuganiza kuti kunjenjemera kwa nkonono wa zaka zambiri kumawononga timitsempha timeneti. Kudzuka kwa masekondi ochepa kuja nakonso sikukumbukika m'mawa.

Malume anga, amene amagulitsa tomato pa Mbulumbuzi, anakana kwa mtuwagalu akazi awo atawauza. "Ine ndimagona ngati mwala, inu ndiye mumalota," ankatero. Komatu ankadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwa, usiku kutuluka panja katatu kukataya madzi, ndipo masana ankasinza pa benchi kasitomala ali chiimire. Tsiku lina msuweni wanga anawajambula pa foni ali m'tulo. Atamva okha kachetechete uja pakati pa nkonono, anangofunsa kuti, "Ameneyu ndine?"

Ena amamvako pang'ono. Amadzidzimuka mtima ukugunda, ngati wina wawakanyanga pakhosi, ndipo pamudzi nkhani yotere siichedwa kukafika kwa sing'anga. Pamene akusaka mfiti, BP ikukwera, chifukwa kubanika kwa usiku uliwonse kumapanikiza mtima ndipo kumawonjezera chiopsezo cha sitiroko. Taganiziraninso dalaivala wa minibasi wotere akudutsa pa Njuli m'mawa, anthu atadzaza.

Kunenepa, makamaka m'khosi, kumakulitsa vutoli. Mowa wa madzulo, kaya kachasu kaya wa m'botolo, umafooketsanso minofu ija. Kugona chagada n'koipa kuposa cham'mbali. Koma woonda asadzitame, chibwano chaching'ono nachonso chimachititsa. Kwa ana, kawirikawiri gwero lake ndi ma tonsils otupa: mwana amagona kukamwa kuli yasa, ndipo opaleshoni imathandiza ambiri.

Akuluakulu amene vuto lawakulira amathandizidwa ndi makina a CPAP, opopera mpweya m'mphuno kuti njira isatsekeke. Anawayambitsa ndi Colin Sullivan ku Sydney mu 1981. Nzeru yomweyi ili m'makina a Pumani, othandiza makanda kupuma, amene anayesedwa pa Queen Elizabeth ku Blantyre. A akuluakulu ndi okwera mtengo ndipo amafuna magetsi usiku wonse, zomwe si zapafupi kwa wa ku Namitambo.

Poyambira ndi pa chipatala cha boma cha Chiradzulu kapena ku Nguludi. Akuyezeni BP, ayang'ane kukhosi ndi m'mphuno, ndipo akaona kofunika akutumizani kwa madokotala a khutu, mphuno ndi khosi ku Queens. Pitani ndi amene mumagona naye chipinda chimodzi, pakuti ndi iyeyo angayankhe mafunso a adokotala. Mukafuna kujambula, pemphani kaye mwiniwake, foni muiike pafupi ndi mutu, ndipo muwerenge masekondi a zii aja.