Pa msewu wa Mussacama, ogulitsidwa ndi ana a amphawi

TETE — Aliyense woyenda pa chapa kuchokera ku Ulónguè kapena ku Zóbuè kupita mumzinda wa Tete amapadziwa pa Mussacama. Ndi pamphambano pomwe misewu iwiriyi imakumana, ndipo pali sikelo yoyezera magalimoto a katundu. Pamalo amenewa, pa 24 Malichi 2020, apolisi pamodzi ndi akuluakulu oona za olowa ndi otuluka m'dziko anaimitsa lole yochokera ku Malawi. Atamva kugogoda m'kati mwa kontena, analamula kuti chitseko chitsegulidwe. Munali anthu 78 a ku Ethiopia. Mwa iwo, 64 anali atafa kale chifukwa chosowa mpweya. Amoyo anali 14 okha.

Tsoka lotere silinathere pomwepo. Mu Okutobala 2022, mitembo 30 inafukulidwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, m'dziko la Malawi. Mu Disembala chaka chomwecho, mitembo ina 27 inapezeka itatayidwa m'mbali mwa msewu ku Ngwerere, pafupi ndi Lusaka. Akuluakulu a maiko awiriwa ananena kuti anthuwo anali ochokera ku Ethiopia. Njira yake ndi imodzi, yolowera kumwera, ndipo ambiri oyendamo amafuna kukafika ku Joni.

Awerengi athu, tadzifunsani: n'chifukwa chiyani m'kontena simupezeka mwana wa munthu wolemera? Wandalama akafuna kupita ku Johannesburg amatenga pasipoti, n'kukwera ndege, tsiku lomwelo wafika. Wosauka amagulitsa ng'ombe kapena kukongola kwa abale, ndalamazo n'kupereka kwa munthu wosamudziwa amene amamulongeza ngati matumba a chimanga. Onse awiri akupita mzinda umodzi. Chowasiyanitsa ndi banja lomwe anabadwiramo.

Malamulo amasiyanitsa milandu iwiri. Pali kuzembetsa anthu, pamene munthu walipira yekha kuti amuwolotse malire mobisa. Palinso kugulitsa anthu, pamene munthu watengedwa mwachinyengo kapena mokakamiza kuti ena akamudyere masuku pamutu. Koma panjira, mlandu woyamba suchedwa kubala wachiwiri. Amene alibe mapepala sangadandaule kupolisi. Wozembetsa akakweza mtengo pakati paulendo, ngongole imakula, ndipo munthu amagwira ntchito yosalipidwa kuti aibweze. Masiku ano womanga mnzake safuna chingwe. Ngongole ndi mantha n'zokwanira.

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya alendo okha. M'chaka cha 2008 dziko lonse la Mozambique linadzidzimuka ndi mlandu wa mayi wodziwika ndi dzina lakuti Diana. Mayiyu anatenga atsikana atatu ku Maputo powalonjeza ntchito ndi maphunziro ku South Africa. Atafika ku Pretoria anawatsekera m'nyumba ya kudera la anthu opeza bwino, n'kumawagulitsa kwa amuna. Khoti la kumeneko linamulamula kukhala kundende moyo wake wonse mu 2011. Chaka chomwe mlanduwu unaululika, dziko lathu linakhazikitsa lamulo nambala 6/2008 loletsa kugulitsa anthu, lomwe linaika chilango cha zaka 16 mpaka 20. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: atsikanawo sanabedwe usiku, ananyengedwa ndi zinthu zomwe kwawo kunalibe.

Chinyengo chomwechi chimafika m'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, ndipo kawirikawiri chimabwera ndi nkhope yodziwika. Amabwera ndi azakhali kapena mlamu wa kutauni, atanyamula chitenje ndi shuga. Amati kwa mayi wa mwana, "Achemwali, ndipatseni mtsikanayu akaphunzire kwathu." Ndani angakane, pamene nkhokwe yatha mwezi wa Januwale ndipo sukulu ya sekondale ili kutali? Ena amasungadi lonjezo, ndipo tiyenera kuwathokoza. Koma ine mtolankhani wanu ndaona m'nyumba zina mumzinda muno mtsikana wamng'ono akudzuka nkhuku zisanalire, kusesa, kutunga madzi, kuperekeza ana a mwini nyumba kusukulu, iye n'kubwerera kukachapa. Malipiro palibe, kwawo samuloleza kupita, foni amamukaniza. Anthu oyandikana nawo amangoti ndi mwana wa abale. Mwana wa mwini nyumba akukhoza mayeso chifukwa mwana wa mlimi wamusenzera ntchito zonse.

Agogo athu amaidziwa bwino nkhaniyi. M'nthawi ya atsamunda a Chipwitikizi kunali chibalo, ntchito yokakamiza ya miyezi isanu ndi umodzi m'minda ya azungu ndi m'misewu. Otengedwa anali anthu wamba a m'midzi. Amene anali ndi mapepala a "assimilado" sankawakhudza. Ambiri a kuno anathawira ku Nyasaland ndi m'mapulazi a ku Rhodesia. Lamulo losiyanitsa anthu motero linathetsedwa mu 1961, koma khalidwe loona mwana wa mphawi ngati khasu silinafe nalo limodzi.

Apa ndiye pagona nkhani. Tikamva za kugulitsa anthu timaloza chala woyendetsa lole ndi wonyengerera. Iwo ndi olakwadi, ndipo ku Mussacama woyendetsa ndi mnzake anamangidwa. Koma malonda sayenda popanda wogula. Wogula ndi mwini munda wofuna antchito osalipidwa, mwamuna wolipira thupi la mtsikana, ndi banja lofuna wantchito waulere. Ameneyu amavala bwino, ali ndi omudziwa m'maofesi, ndipo sitimuona kawirikawiri kukhoti. Malinga ngati mlimi akugulitsa mbatata ndi fodya pamtengo wosakwana kuphunzitsa mwana, wonyengerera sadzasowa pogogoda.

Tsono makolo, musanapereke mwana funsani mosachita manyazi. Akalowa sukulu iti? Akakhala m'bairro liti, nyumba ya yani? Adzabwera liti kudzakuonani? Uzani anyakwawa ndi aphunzitsi kuti mwana wapita ndi uje. Chiphaso chake chobadwira musachipereke kwa munthu wosamudziwa. Mwana akasiya kumveka, pitani kupolisi ku ofesi yothandiza mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, kapena imbani nambala yaulere 116 ya Linha Fala Criança.

Ndipo inu a m'tauni amene mukuwerenga tsamba lino madzulo ano, tayang'anani amene wakuikirani madzi osamba. Ali ndi zaka zingati? Sukulu anasiyira kalasi yanji? Amayi ake akudziwa kuti ali kuti?