KUCHEPETSA NSIMA NDI SHUGA: MMENE WODWALA ANGAPIRIRIRE

Matenda a shuga amakhalitsa m'thupi, komabe munthu angathe kukhala nawo zaka zambiri ali wamphamvu ngati asamala kadyedwe kake. Ambiri akauzidwa kuchipatala kuti achepetse nsima ndi zotsekemera amayamba bwino, koma pakangopita mwezi umodzi kapena iŵiri abwerera ku kadyedwe kawo kakale. Popeza ndinu amayi amene mumagwira mthiko, ndinunso mungathandize wodwala wa pakhomo panu kuti asafooke.

Chifukwa chake nchiyani?

Nsima, mpunga, chinangwa, mbatata, buledi ndi mandasi zikagayika m'mimba zimasanduka shuga amene amaloŵa m'magazi. Thupi la wodwala silitha kumugwiritsa ntchito bwino shugayo. Akachuluka m'magazi kwa zaka zambiri amaononga maso, impso ndi mitsempha, ndipo chilonda cha kuphazi chimavuta kupola.

Achepetse, asasiyiretu

Munthu amene asiyiratu nsima tsiku limodzi sachedwa kugonja, pakuti njala imamuŵaŵa. Amene amadya mitanda itatu ayambe kudya iŵiri, kenaka umodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Malo a nsimayo adzazidwe ndi ndiwo motere: theka la mbale likhale masamba monga nkhwani, bonongwe, mpiru kapena chisoso, theka linalo muligaŵe paŵiri, mbali ina nyemba, nandolo, usipa kapena dzira, mbali ina nsima. Mgaiwa uposa ufa woyera chifukwa uli ndi gaga, koma nawonso usachuluke.

Zothandiza kupirira

1. Phikani ndiwo zimene banja lonse lidye. Wodwala akamaphikiridwa mphika wakewake amadziona ngati wosalidwa, ndipo amakadya mobisa.

2. Futsani masamba nthaŵi ya dzinja. Ndiwo zikasoŵa mu October ndi November anthu amakhutira nsima yokha. Mfutso wotendera nsinjiro udzakuthandizani pa nyengo imeneyi.

3. Yambani ndi zakumwa. M'botolo la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 mumakhala shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Shuga wa mu tiyi muzimuchepetsa sabata ndi sabata kufikira lilime litazoloŵera. Thobwa nalonso limakweza shuga m'magazi.

4. Popita ku ukwati kapena ku maliro wodwala ayambe wadya kunyumba. Akadya mopitirira tsiku lina asataye mtima. M'maŵa mwake ayambirenso.

5. Asaleke kulima, kuyenda ndi kugwira ntchito zina zotulutsa thukuta, mphindi 30 pa tsiku, masiku 5 pa sabata.

Chenjezo

Wodwala amene amamwa mankhwala a shuga kapena kubaya jakisoni wa insulin asasinthe kadyedwe asanafunse adokotala, ndiponso asadumphe chakudya. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kumva chizungulire, mwina shuga watsika kwambiri. Mpatseni msanga madzi osungunuliramo shuga ngati angathe kumeza, ndipo pitani naye kuchipatala.

Malangizo aŵa si a ana

Mwana wosakwana zaka 5 musamuchepetsere chakudya, chifukwa akukula ndipo afunika mphamvu zambiri. Ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba. Pambuyo pake mpatseni phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi zakudya zina zakasinthasintha, akuyamwabe kufikira zaka 2 kapena kupitirira. Chimene mungamumane ndi maswiti ndi zakumwa zotsekemera.

Inunso amayi oyembekezera ndi oyamwitsa musadzimane nsima pofuna kuchepetsa thupi. Ngati mudapezeka ndi shuga muli ndi pakati, tsatani zimene adakuuzani kuchipatala, ndipo muzipimitsabe magazi ngakhale mudabereka kale, popeza matendaŵa angathe kudzabweranso m'tsogolo.

Mukabwera ku sikelo mwezi wamaŵa, afotokozereni anamwino kapena alangizi a zaumoyo zimene wodwala wanu amadya kuyambira m'maŵa kufikira madzulo, kuti akuthandizeni pamene pakuvuta.