Aphunzitsi a manambala ovala jombo

Taganizirani kope lolembamo mvula la pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Mizere ya Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu ilibe kanthu, koma pa Lachinayi palembedwa mamilimita 64. Wophunzira wa ku yunivesite amene wapatsidwa kopeli kuti alowetse manambala m'kompyuta sakuchedwa nazo: pa masiku atatuwo akuikapo ziro n'kupitiriza. Mphunzitsi wake akumuimitsa. "Wadziwa bwanji kuti sikunagwe mvula? Bwerera ukafunse." Atapitako akumva kuti aphunzitsi amene amayeza mvulayo anali kumaliro ku Phalombe, ndipo madzi a masiku anayi anawayeza pamodzi atabwerako.

Mbuna yotereyi ndi imene aphunzitsi ena a statistics amafuna kuti ophunzira awo agweremo akadali pasukulu, kusiyana n'kudzagweramo ali pantchito. Phunziro lawo ndi luso losonkhanitsa manambala, kuwasanthula, kunena zimene akutanthauza, komanso kuvomera pamene sakukwanira kutsimikizira chinthu. Kuno kwathu limaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, ku LUANAR ku Bunda, ku Mzuzu University ndi kwina. Ambiri amene amalowa m'kalasimo sanalisankhe okha. Ndi a zaulimi, a zaumoyo ndi a zachuma amene auzidwa kuti digiri siituluka popanda phunziroli, ndipo amabwera mtima uli m'mwamba.

Mabuku ndi makompyuta amabwera ndi zitsanzo zosambitsa kale. Ophunzira padziko lonse amayesera luso lawo pa miyezo ya maluwa 150 a iris imene Ronald Fisher anagwiritsa ntchito mu 1936, kapena pa mndandanda wa anthu amene anakwera sitima ya Titanic mu 1912. Mwana wa ku Mayaka akhoza kukhoza mayeso ndi zimenezi, koma sadzadziwa kuti nambala iliyonse inachita kulembedwa ndi munthu, mwina wotopa, mwina cholembera chikukana. N'chifukwa chake mphunzitsi wina amavala jombo, n'kutengera kalasi yake kumjigo, kumtsinje wa Likangala kapena kudoko la Kachulu, kuti ophunzira akayeze okha ndipo zotsatira zikathandize eni dera.

Ntchito ya mphunzitsi wotereyu imayamba sukulu isanatsegulidwe. Amalemba makalata ku ofesi ya DC, amakaonekera kwa mfumu, amakhala pansi ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Ngati ophunzira adzafunsa anthu mafunso, pamafunikanso chilolezo cha komiti yoteteza anthu pa kafukufuku. Chovuta koposa n'kupeza funso loyenera. Likhale la eni mudzi, osati la mphunzitsi: kodi ndi mijigo iti imene madzi ake amaipa dzinja? Kodi n'zoona kuti mvula yobzalira ikuchedwa kusiyana ndi kale? Komanso likhale loti ana ongoyamba kumene alikwanitse m'miyezi itatu kapena inayi, ndi ndalama ya minibasi imene ilipo.

Sagwira yekha. Kulabotale kuli katswiri amene amalandira mabotolo a madzi ndi kuona ngati muli tizilombo ta E. coli, ndipo botolo limene latandala padzuwa amalikana. Kumudzi kuli alangizi a zaumoyo amene amadziwa nyumba iliyonse ndi chitsime chimene imatungako. Kudoko kuli ogwira ntchito za usodzi amene amalemba matemba, makumba ndi milamba imene yatsika m'mabwato. Kulinso odzipereka amene m'mawa uliwonse, nthawi imodzimodzi, amatsanulira madzi a m'choyezera mvula m'kabotolo ka mizere. Anthu amenewa satchulidwa pa satifiketi ya wina aliyense, koma popanda iwo kalasi ilibe chowerengera.

Maphunziro akuluakulu amatulukira m'zolakwa. Gulu lina likabwerako ndi uthenga woti mijigo yonse ili bwino, mphunzitsi amapempha mapu, ndipo zimapezeka kuti anawo anangoyendera ya m'mbali mwa msewu chifukwa kudambo kunali matope. Apa m'pamene amamvetsa chifukwa chake malo okayeza amasankhidwa mwamaere, osati potengera kumene kabaza amafika. Gulu lina likapeza kuti mabanja okhala ndi njinga ana awo satsegula m'mimba kawirikawiri, amafunsidwa ngati njingayo ndi mankhwala, kapena ngati pali china, monga kupezako bwino kwa banjalo, chimene chikubweretsa zonse ziwiri.

Nanga avereji? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mvula ya chaka chonse ikhoza kukwana bwino papepala pamene chimanga chinauma, chifukwa yambiri inagwa m'masiku ochepa kenako kunachita ng'amba chimanga chikumasula. Mlimi amazidziwa zimenezi asanamve n'komwe liwu loti avereji. Amakumbukira 2024, pamene ng'amba ya El Niño inachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti ali pa ngozi. Wophunzira amene wacheza naye amasiya kungophatikiza mamilimita, n'kuyamba kuwerenga masiku otsatizana amene kunalibe dontho.

Nyanja ya Chilwa nayo ndi mphunzitsi wa kudzichepetsa. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphweranso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Wophunzira wachangu amafuna kulosera chaka chimene idzaumenso. Mphunzitsi amamuonetsa kuti zochitika zochepa chotere sizikwanira kumangirapo ulosi wa chaka chenicheni, ndipo kunena zimenezi poyera ndi gawo la ntchito.

Zotopetsa zilipo. Kuchonga mayeso a mafunso ofanana n'kosavuta kusiyana ndi kuwerenga malipoti a magulu makumi awiri, lililonse ndi mavuto ake, uku ukufufuza amene anagwiradi ntchito ndi amene anangolembetsa dzina. Malaputopu ndi ochepa, magetsi amazima, ngakhale pulogalamu ya R imathandiza poti ndi yaulere. Kukwezedwa pantchito kumayang'ana kwambiri zimene munthu wasindikiza m'magazini a akatswiri, osati maulendo a kumudzi. Ndipo kumudziko anthu anatopa nawo alendo a mafomu. "Mwabweranso ndi mafunso? Nanga zija analemba anzanu chaka chatha zinathera kuti?"

Funso limeneli ndi limene limasiyanitsa ntchitoyi ndi kafukufuku wongodutsa. Teremu ikamatha, ophunzira amabwerera kukaima pamaso pa a mfumu ndi komiti ya mjigo, n'kufotokoza m'Chichewa zimene apeza. Mayeso amenewa ndi ovuta kuposa a m'holo. Uyenera kuuza mayi amene akukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, kuti madzi a pachitsime chawo anapezeka ndi tizilombo kawiri pa maulendo asanu, osamuopseza mopitirira komanso osamunamiza kuti zonse zili bwino. Uyeneranso kusamala kuti lipoti lisaloze chala banja la munthu. Amene wadutsa pamenepa, akadzalembedwa ntchito ku National Statistical Office ku Zomba, imene inawerenga anthu oposa 17.5 miliyoni pa kalembera wa 2018, kapena ku bungwe lina lililonse, sadzasewera ndi nambala ya munthu.

Phindu limene mudzi umatsala nalo nthawi zambiri ndi laling'ono: mjigo umodzi wokonzedwa, tchati cha mvula chopachikidwa mu ofesi ya ahedi. Kusukulu ija ya ku Chilwa, wophunzira uja asanatsanzike anagwirizana chinthu chimodzi ndi aphunzitsi oyeza mvula. Tsiku limene kulibe mvula azilemba ziro. Tsiku limene achokapo azilemba kuti "sindinayeze".