Kodi mumadziwa kuti msodzi wa ku Feira amaganiza ngati pulogalamu ya kompyuta?

Ku Feira, m'boma la Luangwa, komwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi moyang'anizana ndi Zumbo wa ku Mozambique, msodzi aliyense amaudziwa mwambo wake: ngati tili pakati pa 1 Disembala ndi kutha kwa Febuluwale, ukonde ukhale kumtunda poti boma la Zambia limatseka usodzi kuti nsomba ziswane, apo ayi, bwato lilowe m'madzi. Umu ndi mmene if ndi else amagwirira ntchito m'chilankhulo cha pakompyuta cha Python, chomwe Guido van Rossum anatulutsa mu 1991. Kompyuta imayesa funso, yankho likakhala loona imatsata njira imodzi, likakhala labodza imatsata ina.

Ena amati moyo suyenda pa inde ndi ayi pokha, ndipo akunena zoona. Msodzi amayang'ananso mphepo, mvuu ndi kuya kwa madzi. Koma zimenezi zimangochulukitsa mafunso, ndipo and, or ndi elif alipo kuti azilumikize. Chovuta chenicheni ndi dongosolo: mukaika funso la mphepo patsogolo, pulogalamu ikhoza kutumiza bwato m'madzi mu Januwale. Pa nkhani yophunzitsa zimenezi, enanso amadandaula za kuchepa kwa makompyuta kusukulu. Koma aphunzitsi, choko ndi bolodi n'zokwanira poyambira phunziro la if ndi else.