Kukweza Galimoto pa Masipuling'i: Difu Imatsala Pomwepo

LUNDAZI. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mlimi akaona mitambo ya mwezi wa November mtima wake umakondwa, koma mwini galimoto wonyamula anthu ndi katundu kumidzi amayamba kuwerenga masiku. Pano sitinena za mseu waukulu wa ku Chipata. Tikunena za miseu ya dothi, makamaka yotsikira ku cigwa ca Luangwa kwa Kazembe, kwa Chitungulu ndi kwa Mwanya. Maderawa anali mbali ya Lundazi kufikira caka ca 2018 pamene Lumezi ndi Chasefu anapatulidwa kukhala maboma paokha, koma anthu ake akali kubwera pa Boma pano kudzagula ndi kugulitsa.

Mvula ikakhazikika, malole ndi mathirakitala amakumba ngalande ziwiri mumseu, pakati nkutsala msana wa dothi. Galimoto laling'ono likalowa m'ngalandezo limakhala pamimba, matayala nkumazungulira cabe. Wodwala amene ali m'galimotomo amadikira, feteleza amanyowa. Ncifukwa cake eni a Land Cruiser, Hilux ndi Land Rover ambiri amafunsa za kukweza galimoto, ndipo ena amafuna kugwira okha nchitoyo pakhomo kuti asalipire makanika.

Nchitoyi ndi yotheka. Koma munthu asanataye ndalama zake za thonje kapena nshawa, ayenera kudziwa cimene akugula.

Gwadani pansi muyang'ane kunsi kwa galimoto lanu. Pakati pa matayala awiri a kumbuyo pali citsulo copingasa cimene amakanika amacicha ekiselo, ndipo pakati pake pali cotupa ngati mphika. Imeneyo ndiyo difu. Difu ndiyo imayamba kukhudza msana wa mseu. Tsono masipuling'i amakhala pakati pa ekiselo ndi thupi la galimoto. Mukaika masipuling'i okwera, thupi ndi injini zimakwera ndithu, koma ekiselo ndi difu zimatsala pomwe zinali, cifukwa zimenezi zimanyamulidwa ndi matayala. Ambiri amazindikira zimenezi atalipira kale, galimoto litakhalanso pamimba pamalo omwe aja a caka catha.

Cokweza difu ndi tayala lokha, ndiponso limaikweza ndi theka cabe. Tayala lotalika kuposa lakale ndi masentimita 5 limakweza difu ndi masentimita awiri ndi theka. Tayala lotere limacepetsako mphamvu ya galimoto pokwera citunda, limalemetsa mabuleki, ndipo wochi ya liwiro imayamba kuonetsa liwiro locepa kuposa limene mukuthamanga.

Nanga phindu lake lili pati? Lilipo. Galimoto lokwezedwa siligunda mphuno kapena matako potsika ndi potuluka mumtsinje wa magombe oongoka. Mimba yake sikhudza msanga podutsa cithumbwi. Matayala amapeza malo oyendamo popanda kukhula thupi la galimoto pamene mwasenza katundu. Kwa munthu woyenda miseu yathu, kukweza ndi masentimita 5, amene ogulitsa amati mainchesi awiri, nkokwanira. Kupitirira pamenepo mumayamba kusintha zitsulo zina zambiri, ndipo imeneyo siikhalanso nchito ya pakhomo.

Ine ndiona kuti magalimoto ambiri amene eni ake akuti akwezedwe safuna kukwezedwa konse. Masipuling'i ake anatopa cabe. Sipuling'i yabwino imakhala yopindika ngati uta. Ikasenza matumba zaka zambiri imaongoka, mwina kupindikira kumwamba, galimoto nkukhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Kuika masipuling'i atsopano a msinkhu wa kufakitale, mabushi atsopano ndi mashoko abwino kumabwezera galimoto pamene linali, popanda kusokoneza ciliconse.

Dziwaninso mtundu wa galimoto lanu. Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene inayamba kupangidwa mu 1984, inali ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza kutsogolo ndi kumbuyo. Kuyambira mu 1999 mapikapu ake anayamba kubwera ndi masipuling'i opota kutsogolo. Land Rover ya One Ten, imene inatuluka mu 1983, inalibe zitsulo zosanjikiza. Hilux ya masiku ano ilibe ekiselo yopingasa kutsogolo: tayala lililonse limayenda palokha, ndipo mukaikweza kwambiri mfundo za mashafuti a kutsogolo zimapindika mopitirira ndi kutha msanga. Sipuling'i yopota imasunga mphamvu yoopsa ikapanikizidwa, ndipo ikapulumuka ingathyole dzanja kapena cibwano. Amene alibe cipangizo coipanira asiyire makanika. Zimene tikufotokoza pano nza zitsulo zosanjikiza.

Pali njira za cidule zimene zimaoneka zochipa. Ena amaocha masipuling'i akale pamoto ndi kuwasula ndi nyundo kuti apindikenso. Citsulo ca sipuling'i cinaumitsidwa mwaluso kufakitale, ndipo moto wa makala umacotsa kulimba kumeneko, kotero kuti cimaongokanso posacedwa kapena kuthyoka muli paulendo. Ena amaocherera zitsulo zotalikitsa shackle, kaja kolumikiza nsonga ya sipuling'i ku chassis. Shackle yotalika ndi masentimita 5 imakweza galimoto ndi theka lake cabe, ndipo galimoto limayamba kuyenda modzandira. Enanso amaika zidutswa za citsulo pakati pa ekiselo ndi sipuling'i. Kutsogolo zimenezi musayese nkomwe, cifukwa kumeneko nkumene kuli ciwongolero ndi mphamvu yaikulu ya mabuleki. Ndipo pa galimoto limene sipuling'i imadutsa kunsi kwa ekiselo, cidutswa cotere cimatsitsa galimoto m'malo molikweza.

Tsono tifike pa tsiku la nchito. Sankhani nyengo ya cilimwe, pamalo athyathyathya a nthaka youma gwa. Masiku awiri kapena atatu musanayambe, thirani mafuta pa mabauti onse, popeza matope a zaka zambiri amawamanga ndi dzimbiri. Pimani ndi tepi kucokera pakati pa wilo kufika m'mphepete mwa thupi pa ngodya zonse zinai, ndipo lembani m'kabuku. Popanda manambala amenewa simudzadziwa ngati galimoto lakwera mofanana.

Apa awerengi amvetsetse. Jeke nchito yake ndi kunyamula, osati kusunga. Galimoto lolemera matani awiri likatsetsereka pa jeke munthu ali kunsi, sipakhala nthawi yothawa. Ikani miyala kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala otsala pansi. Mukanyamula, khazikani chassis pa zocirikiza zacitsulo, kapena pa zipika zikuluzikulu za mtengo wolimba zogonekedwa bwino. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimaphwanyika mosacenjeza. Mukatero gwedezani galimoto ndi mphamvu musanalowetse ngakhale dzanja. Ana aonerere ali patali, ndipo pakhale munthu wamkulu wina, cifukwa sipuling'i ya Land Cruiser munthu mmodzi sangainyamule ali cogona.

Gwirani mbali imodzi, ina ikhale citsanzo canu. Jeke icirikize ekiselo. Masulani shoko, kenaka ma U-bolt aja omanga sipuling'i ku ekiselo, potsiriza mabauti a kunsonga. Poika yatsopano onani zilembo zake, popeza ina nja kumanja ina nja kumanzere, ndipo nsonga ya kutsogolo isiyana ndi ya kumbuyo. Pakati pa sipuling'i pali bauti imene mutu wake uyenera kulowa m'kabowo ka pa ekiselo. Ukapanda kulowa, ekiselo imakhala yokhota, galimoto nkumayenda cammbali ngati nkhanu, matayala nkumadyeka.

Ma U-bolt akale musawabwezere. Anatamuka pamene anamangidwa koyamba, ndipo mtengo wa atsopano ndi wocepa poyerekeza ndi ekiselo yosuntha pa citunda. Mashoko akhale a msinkhu woyenerana ndi masipuling'i atsopano. Shoko yaifupi imakokedwa mpaka kuduka. Mabauti a m'mabushi amangeni pang'ono cabe, ndipo mudzawalimbitse galimoto litaima pa matayala ake. Mukawalimbitsa lili m'mwamba, mphira wa mabushi umapotoka ndi kung'ambika m'miyezi yocepa.

Cimene ambiri amaiwala ndi mabuleki. Kucokera ku chassis kupita ku ekiselo pali kapaipi ka mphira kodutsa mafuta a mabuleki. Galimoto likali m'mwamba, lekani ekiselo ilendewere mpaka pothera, muone ngati kapaipiko kakukokeka. Ngati kali njo, gulani kotalikirapo. Kakaduka mumtsinje mumatuluka tsidya lija mabuleki atafooka. Mapikapu ambiri a Toyota alinso ndi kavavu kumbuyo, kolumikizidwa ku ekiselo ndi kamtengo kacitsulo, kamene kamapima kulemera kwa katundu ndi kugawa mphamvu ya mabuleki. Galimoto likakwezedwa kavavuko kamayesa kuti mulibe katundu, ndipo kamacepetsa mabuleki a kumbuyo ngakhale mwadzaza cimanga. Kayenera kusinthidwa, ndipo apa si manyazi kuitana makanika.

Mukatsiriza, pitani nalo kwa opima mawilo, ndipo muongolenso nyali, cifukwa galimoto lokwera kumbuyo limaunika pansi ndipo lokwera kutsogolo limathobwa anzanu m'maso. Kumbukiraninso kuti a RTSA popima galimoto amayang'ana mabuleki, ciwongolero ndi masipuling'i. A inshuwalansi nao ndi bwino kuwauza za kusinthaku.

Nkhani ya katundu ndiyo imandidetsa nkhawa koposa. Munthu akaona kuti galimoto silikukhalanso pansi amayesa kuti tsopano lingasenze zambiri. Masipuling'i asintha, koma ekiselo, mabuleki ndi matayala nzomwe zija. Pikapu ya Land Cruiser imasenza pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a makilogalamu 50, kuwerengera pamodzi ndi anthu okwera. Kuonjezera apo, galimoto lokwera limapendama msanga. Matumba akasanjikizidwa kupitirira denga, amai ndi ana nkukhala pamwamba pake, kulemera konse kumakhala m'mwamba. Pa mseu wotsetsereka kupita kucigwa, tayala limodzi likagwera m'ngalande, galimoto lotere limagubuduzika pamalo pamene lisanakwezedwe likanadutsa. Zolemera zikhale pansi ndi kufupi ndi kumutu kwa galimoto, ndipo pokhota mucepetse liwiro kuposa kale.

Ulendo woyamba ukhale waufupi ndi wopanda anthu. Mukabwerako gwadani ndi sipanala, mulimbitsenso ma U-bolt onse, popeza zitsulo zatsopano zimakhazikika ndi kumasuka pang'ono. Citaninso cimodzimodzi pakapita mlungu umodzi, ndipo mupimenso ngodya zinai zija ndi kuyerekeza ndi manambala a m'kabuku. Fosholo, khasu ndi cingwe colimba zisatsike m'galimoto mvula ikayamba, ndipo pamene ngalande zazama, yendetsani matayala a mbali imodzi pamsana wa mseu kuti difu ipite pamwamba.