Kusiyanitsa Ndudu za Cigar Zenizeni ndi Zachinyengo: Chidziwitso kwa Amalonda ndi Alimi a Fodya a ku Liwonde

Tawuni ya Liwonde ili pamphambano. Misewu yochokera ku Zomba, Balaka, Mangochi ndi Ntaja imakumana pomwepo, njanji yopita ku Nacala imadutsa m'tawuniyi kukatulukira pa chipata cha Nayuchi, ndipo alendo odzaona nyama ku Liwonde National Park amagona m'malo a m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Malo otere amakopa amalonda oona mtima, amakopanso oyenda ndi katundu wachinyengo. Chidziwitsochi chikukhudza ndudu zikuluzikulu zotchedwa cigar, zomwe eni malo ogona alendo, malo omwera mowa ndi masitolo angagulitsidwe ndi anthu ozitcha "zenizeni za ku Cuba". Wamalonda wogula zachinyengo amataya mpamba, amadziipitsira mbiri pamaso pa alendo, ndipo katunduyo akhoza kulandidwa ngati analowa m'dziko mozemba msonkho.

Ndudu wamba ndi fodya wodulidwadulidwa wokulungidwa m'pepala ndi makina. Cigar yapamwamba ilibe pepala. Imapangidwa pamanja ndi masamba athunthu oikidwa m'magawo atatu: masamba a mkati oyalidwa m'litali, tsamba lomanga amkatiwo, ndi tsamba lakunja losalala lomwe limasankhidwa mosamala koposa onse. Zodziwika kwambiri ndi za ku Cuba, makamaka za fodya wolimidwa m'dera la Vuelta Abajo m'chigawo cha Pinar del Río, ndipo maina monga Cohiba, Montecristo, Partagás ndi Romeo y Julieta ndiwo achinyengo amakonda kubera chifukwa cha mtengo wake. Maiko a Nicaragua, Honduras ndi Dominican Republic nawo amapanga cigar zapamwamba. Cigar yosachokera ku Cuba si yachinyengo pokhapokha itavekedwa dzina la eni ake ena.

Kufufuza kumayambira pa bokosi. Cigar za ku Cuba zimagulitsidwa kunja kudzera ku kampani ya Habanos S.A., yomwe inakhazikitsidwa mu 1994. Bokosi lenileni limakhala ndi chidindo chobiriwira cha boma la Cuba chomatidwa mopinda pa chivindikiro ndi kutsogolo kwa bokosilo. Kuyambira mu 2009 chidindochi chimakhala ndi kachithunzi konyezimira mbali imodzi ndi mizere ya nambala mbali inayo, ndipo nambalayo ikhoza kutsimikizidwa pa tsamba la intaneti la kampaniyi. Ikalembedwa pamenepo, dzina ndi mtundu wa cigar zotuluka ziyenera kufanana ndi zomwe zili m'bokosimo. Ngati nambalayo yafufutidwa, yadulidwa kapena ikutchula mtundu wina, wamalonda asapereke ndalama.

Pansi pa bokosi pamakhala mawu atatu osindikizidwa ndi chitsulo chamoto, moti chala chimamva kukumbika kwake: "Habanos s.a.", "Hecho en Cuba" ndi "Totalmente a mano". Mawu achiwiriwo akutanthauza kuti zinapangidwa ku Cuba, achitatuwo kuti ntchito yonse inali ya pamanja. Pafupi ndi mawuwa pamadindidwa ndi inki zilembo zoimira fakitale, mwezi ndi chaka. Miyeziyo imafupikitsidwa m'Chisipanishi: ENE ndi Januwale, ABR ndi Epulo, AGO ndi Ogasiti, DIC ndi Disembala. Bokosi lolembedwa JAN kapena DEC ladziulula lokha. Lina lodziulula ndi bokosi la Cohiba lokhala ndi chivindikiro cha galasi. Limaoneka lokongola pa shelefu, koma mabokosi oterewa ndi odziwika padziko lonse kuti ndi a anthu achinyengo.

Komabe bokosi palokha si umboni wokwanira, pakuti mabokosi enieni otha ntchito amatoleredwa n'kudzazidwanso. Apa m'pamene diso la munthu wodziwa fodya limaposa chidindo, ndipo alimi a ku Machinga ndi Balaka amene anazolowera kusankha masamba m'chigafa sangavutike kumvetsa. M'bokosi lenileni cigar zonse zimakhala za utali ndi kunenepa kofanana, maonekedwe a tsamba lakunja ndi oyandikana, ndipo timalamba ta pepala tokhala ndi dzina timakhala pamzere umodzi, tolembedwa mooneka bwino, popanda guluu wotayikira. Tsamba lakunja limakhala losalala, la mitsempha yaing'ono. Kumutu, komwe kumapita pakamwa, cigar ya ku Cuba yowongoka imatsekedwa mwaluso moti pamaoneka timizere titatu tozungulira. Ikakanikizidwa pang'ono ndi zala kuchokera kumutu mpaka kumapeto, iyenera kumveka yolimba mofanana. Malo ena ofewa ndi ena olimba ngati mwala ndi chizindikiro cha ntchito yothamangitsa.

Njira yothetsa mkangano ndi kupereka nsembe cigar imodzi. Ing'ambidwe m'litali ndi lumo, masamba ayalidwe pathebulo. Yapamwamba imatulutsa masamba aataliatali otambasuka. Yachinyengo imatulutsa zinyenyeswa, timitengo ta pakati pa tsamba ndi fumbi, ndipo m'zina mwapezekapo masamba a nthochi, ulusi ndi tsitsi zosesedwa pansi. Ziyenera kudziwika kuti pali cigar zotsika mtengo zopangidwa ndi fodya wodulidwa mwadala ndipo zimagulitsidwa poyera motero. Cholakwa ndi kugulitsa zoterezi pa dzina ndi mtengo wa zapamwamba. Wogulitsa wokana kuti imodzi ing'ambidwe pomwe akufuna ndalama za bokosi lathunthu wapereka kale yankho.

Nyengo ya ku Liwonde nayo ili ndi gawo lake. Cigar zimasungidwa m'bokosi lapadera losunga chinyezi cha pafupifupi 65 mpaka 70 peresenti. M'kutentha kwa m'chigwa cha Shire, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, cigar yosiyidwa poyera imauma n'kung'ambika, ndipo tizilombo toboola fodya timaswana msanga n'kusiya timabowo tonga toboola ndi singano. Choncho ngakhale yeniyeni, ikayenda masiku m'chikwama padzuwa, siyeneranso mtengo wake.

Za mtengo sizifuna kutalikitsa. Cigar yapamwamba imafika m'Malawi italipiridwa mayendedwe ndi misonkho, motero singatsike mtengo kuposa kumene inachokera. Nkhani yakuti "m'bale wanga amagwira ntchito ku fakitale" ndi nyambo yakalekale. Wamalonda afunse zikalata zosonyeza kuti katunduyo anadutsa pa kasitomu, alandire lisiti lokhala ndi dzina la wogulitsa, ndipo akumbukire kuti bungwe lotolera misonkho la MRA linakhazikitsa zidindo za msonkho za Kalondola zomwe zimamatidwa pa katundu monga ndudu ndi mowa. Wokayika za chidindo choyenera katundu wake afunse ku ofesi ya MRA asanagule.

Kwa alimi, chinyengo cha cigar si chachilendo, chifukwa chimafanana ndi mchitidwe umene umaipitsa mbiri ya fodya wa dziko lino: kuika masamba abwino pamwamba ndi pansi pa belo, pakati n'kubisapo fodya wowola, wa giredi yotsika kapena zinthu zomwe si fodya. Ogula pa okushoni ya Limbe, komwe alimi a m'chigawo cha kummwera amagulitsa fodya wawo, amachita zomwezo zimene zafotokozedwa pamwambapa: amatsegula belo n'kusolola zitsanzo za mkati. Belo lopezeka ndi chinyengo limabwezedwa kapena kulandidwa ndi bungwe la Tobacco Commission, ndipo popeza belo lililonse limakhala ndi nambala ya mlimi kapena kalabu, mamembala osalakwa amavutikira limodzi ndi wolakwayo. Tizidutswa ta pulasitiki, nthenga za nkhuku ndi zingwe zolowa m'belo mwangozi nazo zimatsitsa mtengo. Alangizi a zaulimi a pansi pa Machinga ADD, yomwe likulu lake lili ku Liwonde komweko, angathandize pa kasankhidwe ndi kadindidwe koyenera ka mabelo.

Anthu onse akukumbutsidwa kuti cigar yeniyeni si yabwino ku thanzi kuposa yachinyengo. Utsi wa fodya wa mtundu uliwonse umayambitsa khansa ndi matenda a mtima ndi a m'mapapo, ndipo dziko la Malawi linavomereza pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023. Fodya asagulitsidwe kwa ana.

Amene wagulitsidwa katundu wachinyengo asunge bokosi, cigar zotsala ndi lisiti, ndipo akadandaule ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission kapena ku polisi ya Liwonde. Za katundu wolowa m'dziko mozemba zikanenedwe ku MRA.